Vayisi ya Alamu Anga

Alamu anga anthu amawatchula kuti a Mazinga. Dzina lenileni ali nalo, koma limangogona pachiphaso, ndipo ndikhulupirira kuti wina atalifuula pamsewu, eni akewo sangacheuke n'komwe. Kwa inu amene simunagwirepo sipanala, mazinga ndi timizere tija tozungulira bawuti, tomwe nati imayendamo ukamaipotokola. Munthu ameneyu anadyetsa banja zaka makumi anayi ndi timizere timeneti. Ankakonza majeke okwezera galimoto, zopanira matabwa za akalipentala, ndi chilichonse chomwe umati ukapukusa kuno, uko chikankha.

Ntchito ankagwirira kuseri kwa nyumba, m'kachipinda ka malata ka zenera limodzi. Pakati panali tebulo la thabwa lochindikala ngati ntchafu yanga, ndipo pakona pa tebulolo panali vayisi. Vayisi ndi chitsulo cha nsagwada ziwiri, chimaluma chinthu n'kukugwirira kuti manja ako onse awiri agwire ntchito. Mkati mwake muli sikuluwu yaikulu, ndiyo imatseka ndi kutsegula nsagwadazo. Ya alamu anachita kuwasiyira mmisiri amene anawaphunzitsa ntchito, ndipo kulemera kwake, tsiku lomwe tinkasamuka nayo, tinaikweza amuna anayi pangolo, ngoloyo mpaka lero imayenda motsimphina. Madzulo alionse ankayamba aipukuta asanakasambe. Mlongo wanga ankati anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi vayisiyo.

Mlongo wangayo, yemwe ine ndinapondana naye pamutu, anali telala. Anadziwana ndi alamu atapita kukakonzetsa kasikuluwu ka makina ake osokera, ntchito ya mphindi zisanu. Alamu anakakonza milungu itatu. Ena amati chinali chikondi, koma ine ndimawadziwa, liwiro lawo ndi lomwelo. Tsiku lina ndinawapatsa moni m'mawa, n'kunyamuka ndi lole ulendo wa masiku anayi. Pobwera ndinapeza akumaliza kuyankha kuti adzuka bwino.

Ine ndinali dalaivala wa malole, ndipo kuseri kwa mpando wanga kunkakhala jeke ya mafuta, ija yooneka ngati botolo, yomwe umangopopa kasanu lole ili m'mwamba. Ine ndi alamu tinakangana za jeke imeneyi zaka makumi atatu.

"Alamu, zanu zopukusazi n'za nthawi ya Nowa," ndinkatero. "Mukamamaliza kukweza galimoto, mwiniwake wagula kale ina."

"Yanuyo imakweza msanga, n'zoona," ankayankha, maso ali pa ntchito. "Koma zomwe zikuchitika mkati simukuziona. Sikuluwu pomwe waisiya ndi pomwe uipeze."

Ananena mawu amenewa kokwana zikwi zisanu ndi ziwiri. Ndinkawerenga.

Chaka chomwe alamu anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, mlongo wanga anagwa pambali pa makina ake, nsalu ya diresi la mwini ili m'manja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali yonse ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati akuwagula. Mtima nawo unali utatopa, moti akagona chagada mpweya unkamuthawa. Ankafunika kukhala chotsamira, ndiye msana ukawawa umutsitse pang'ono, chifuwa chikabanika umukwezenso, kakhumi kapena kupitirira pa tsiku. Mapilo sankathandiza. Ankatsetsereka n'kukapezeka wapindika ngati chovala chogwa pachingwe.

Womukweza anali alamu. Koma alamu mapewa anali atatha, zala zitapindika ndi nyamakazi. Ndinawaona tsiku lina atamukumbatira m'khwapa, akukoka, onse awiri akubuula, osadziwika wodwala ndi uti.

Ali ndi mwana mmodzi, wamkazi, namwino. Amagwira ntchito mumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo amakhala m'nyumba yosanja, chipinda chimodzi chogona. Kuyambira pachiyambi ankanena kuti atenge mayi ake, akawapezera bedi la kuchipatala. Malo a bambo ake kunalibe. Anthu awiriwa anali atagona chipinda chimodzi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo nkhaniyo ikayamba, mlongo wanga ankangotembenuzira nkhope kukhoma.

Apa ndi pomwe ndinalowererapo ine, ndipo ndikanakonda ndikanakhala kuti tsiku limenelo ndinali ndi chimfine.

"Alamu, mukuthyokeranji msana?" ndinatero. "Dulani thabwa la bedi pakati, ikani mahinjesi, pansi tiikepo jeke yanga. Inanyamulapo lole yodzaza simenti, ngolo yake, ndi apolisi awiri atakhala pamwamba. Ingalephere mlongo wanga, wopepuka ngati nthenga?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Tsiku lina lililonse akanandiuza za sikuluwu. Koma usiku wathawo sanagone, ndipo kupanga chopukusa chawo kukanatenga masiku. Anati, "Bweretsani."

Pofika madzulo bedi linali litatha. Kupopa kanayi, mlongo wanga ali tsonga ngati mfumukazi. Ndinayenda mumsewu wonse kuuza anthu kuti a Mazinga agonja.

Chomwe sindinanene n'chakuti jekeyo inali ndi kachizolowezi. Ukaisiya nthawi yaitali inkatsika yokha, pang'onopang'ono, mosaoneka ndi maso. Pa lole sindinkadandaula, chifukwa tayala ndinkasintha msanga. Ndinadziuza kuti poti munthu ndi wopepuka, siitsika.

Tsiku lachitatu masana alamu anapita kukatenga mankhwala. Anamukweza mkazi wawo bwinobwino, n'kundiuza kuti ndikhale pafupi. Ndinakhaladi pafupi, pakhonde, khoma limodzi lokha pakati pathu. Kunabwera woyandikana nafe, ine n'kuyamba kumufotokozera momwe ndinakokera sitima ya pamtunda ndi lole yanga itathera mafuta paphiri. Nkhani imeneyi ndi yaitali, ili ndi zigawo. Ndili pa chigawo chachitatu ndinaona mwana wa mlongo wanga akulowa pageti ndi chikwama, wabwera osanena. Anandipatsa moni n'kulowa m'nyumba.

Sanakuwe. Anangoitana kuti, "Amalume," ndi mawu omwe sindinawamvepo.

Bedi linali litagona fulati. Mlongo wanga anali chagada, maso ali kudenga, milomo itada, chifuwa chikukoka mpweya ngati munthu wotunga m'chitsime chouma. Dzanja lake lamanzere, lamoyo lija, linali likumenya matiresi. Linali litamenya nthawi yaitali bwanji, sindidziwa. Matiresi salira.

Namwino anamudzutsa ndi manja ake, n'kumutsamiritsa pachifuwa pake mpaka mpweya unabwerera. Alamu atafika anaima pakhomo ndi kapepala ka mankhwala m'manja. Anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana jeke, ine sanandiyang'ane.

"Bambo," anatero mwanayo, "sindikukufunsaninso. Loweruka la sabata ya mawa ndibwera ndi galimoto."

"Mwana wanga, chalakwika ndi chitsulo. Ndikonza."

"Mukonza chitsulo. Nanga mukapita kukatenga mankhwala? Nanga mukadwala inuyo? Amayi sangadzidzutse okha, ndipo wowalondera ndi uyu." Anandiloza ndi chibwano. Sananene kuti amalume. Anati uyu.

Mlongo wanga anayesa kulankhula. Tonse tinadikira. Chinatuluka ndi "Ayi" mmodzi, wopotoka.

"Amayi, mukanafa lero," anatero mwana wake mofatsa, akuwapukuta pakamwa. "Ine ndikanakupezani mutafa."

Sankanama.

M'mawa mwake, namwino atakwera basi, ndinapeza alamu m'kachipinda kawo atamasula jeke yanga. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Taonani apa." Anandionetsa kachitsulo kobulungira ngati njere ya nandolo. "Aka ndi kamene kamatseka njira ya mafuta. Katundu akalemera kamakanikizika n'kutseka bwino. Akapepuka kamangokhala pamwamba, mafuta n'kumadutsa. Komanso aka n'kodyeka kale. Ndimazidziwa zimenezi, alamu. Ndakhala ndikuuza anthu zaka zonsezi. Ndinafuna zachangu."

Ndikanakonda akanandimenya ndi sipanala.

Kenako anati, "Mwana wanena zoona. Vuto si kumukweza mlongo wanuyu. Vuto n'lakuti sangadzikweze yekha."

"Ndi dzanja limodzi? Lamanzere?"

"Sikuluwu siifunsa kuti uli ndi mphamvu zingati. Imafunsa kuti uli ndi nthawi yochuluka bwanji. Nthawi ali nayo."

Tinafufuza m'milu yonse ya zitsulo. Masikuluwu a majeke akale analipo ambiri, koma ena anali opindika, ena odyeka mazinga, ena olimba moti ine ndemwe ndinkachita kuluma mano powapukusa. Pankafunika yowongoka, ya mazinga osalala, yoyenda ngati pa batala koma yosabwerera yokha. Tsiku lachiwiri madzulo ndinawaona alamu ataima pakona pa tebulo, dzanja lili pa vayisi.

"Alamu, imeneyo ayi," ndinatero. "Mukachotsa sikuluwu, chatsala n'chiyani? Nsagwada zopanda mwini."

"Mazinga ake ndawadyetsa girizi zaka makumi anayi. Palibe ina yofewa chonchi."

"Nanga muzigwirira ntchito pa chiyani?"

"Ndipatseni sipanala yaikulu ija."

Anaimasula okha, sanalole kuti ndithandize. Sikuluwu itatuluka, yaitali ngati mkono, yonyezimira, nsagwada yakutsogolo inangolendewera. Anaichotsa n'kuigoneka pansi pa tebulo, n'kuifunditsa chiguduli.

Masiku asanu otsatirawo ndinaona chinthu chomwe palibe adzandikhulupirire, poti ndine: a Mazinga akufulumira. Sikuluwu ija anaigoneka chopingasa pansi pa bedi. Nati yake anailumikiza ku miyendo iwiri yachitsulo yopingasana ngati sizasi, kuti sikuluwu ikamazungulira, nati iziyenda, miyendo izitseka n'kumakankha thabwa la kumutu m'mwamba. Kunsonga kwa sikuluwu anawotchererako giya lalikulu la njinga, tcheni n'kukwera m'mbali mwa bedi kukafika pa kagiya kakang'ono, pomwe pamagona dzanja lamanzere la mkazi wawo. Chogwirira chinali pedulo ya njinga yomweyo, ataikulunga ndi kansalu kotsala pa diresi lija silinathe kusokedwa. Popeza vayisi kunalibe, chogwirira zitsulo pomwe akucheka ndi kupala ndinali ine. Zala zanga zinapsa, zinatupa, china chinafuna kusamuka.

Woyamba kuyesedwa ndinalinso ine. Ndinagona pabedipo ndi mimba yanga yonse, alamu n'kupukusa ndi chala chimodzi. Ndinkakwera mosamva, ngati mtengo wa zinthu kusitolo. Kuchoka pansi kufika tsonga, kupukusa makumi asanu ndi atatu ndi kanayi. Anandisiya m'mwambamo ola lathunthu atalemba choko pa mwendo wa bedi. Chizindikiro sichinasunthe.

Koma mlongo wanga zinamuvuta. Moyo wake wonse gudumu la makina ankalizunguza ndi dzanja lamanja. Lamanzere linkangodziwa kugwira nsalu. Linkaterereka, linkabwerera m'mbuyo, linkanjenjemera. Lachinayi anafika khumi ndi kasanu n'kulira. Lachisanu anafika makumi anayi, n'kugona tulo ta kutopa dzanja lili pa pedulo. Makumi anayi ndi theka chabe la ulendo. Pamenepo munthu sanakhale tsonga, mpweya umakhala usanabwerere bwino.

Loweruka cha m'ma teni galimoto inaima pageti. Mlongo wanga anaimva. Anayang'ana mwamuna wake n'kunena mawu amodzi: "Tsitsani."

"Mayi, tikusiyeni m'mwamba momwemu. Mwana aone kuti bedi likugwira," anatero alamu.

"Tsitsani."

Alamu anapukusa mobweza mpaka bedi linatsala pang'ono kugona fulati. Mwana wawo analowa atanyamula bulangete la paulendo, n'kupeza mayi ake ali chagada, mpweya wayamba kale kufupika. Anaponya bulangete kuti akawadzutse. Bambo ake anatambasula mkono patsogolo pake. Sindinawaonepo akumuletsa kanthu mwana ameneyu chibadwire.

"Usawakhudze."

"Bambo, mwapenga?"

"Ukaona kuti zavuta, uwadzutse, uwatenge, sindinenanso kanthu. Koma yamba waima apo."

Dzanja lamanzere linafufuza pedulo, linaipeza. Tcheni inayamba kulira, tiki, tiki, tiki. Ndinkawerenga chamumtima, ndipo ndinaona milomo ya alamu ikuwerenganso. Khumi. Makumi awiri. Thabwa linkakwera pang'ono kwambiri moti ukanati palibe chikuchitika, koma nkhope ya mlongo wanga, yomwe inali kudenga, inayamba kuloza pamwamba pa chitseko. Thukuta linatsika m'khosi. Namwino anali atagwira wotchi yake ya pachifuwa, maso ali pa milomo ya mayi ake.

Pa makumi anayi ndi katatu dzanja linagwa.

M'chipindamo munangomveka kupuma kwake. Namwino anasuntha phazi. Ine ndinayang'ana choko chija pa mwendo wa bedi, chifukwa ndinkadziwa chomwe jeke yanga ikanachita pamenepa: ikanayamba kumubweza pansi mwakachetechete, n'kumulanda zonse zomwe wagwirira ntchito. Bedi linangoima pomwe analisiya. Anapuma mphindi imodzi, mwina ziwiri. Kwa ine zinali zaka zitatu, ndinamera imvi zatsopano.

"Basi, amayi, mwayesetsa," anatero mwana wake.

Mlongo wanga anatembenuza diso lake labwino lija n'kumuyang'ana momwe ankayang'anira kasitomala wofuna kutenga chovala chisanathe. Dzanja linakweranso. Tiki, tiki. Anapumanso pa makumi asanu ndi limodzi, n'kupumanso pa makumi asanu ndi awiri, ndipo paliponse bedi linkamudikira. Pomwe ankafika kumapeto, mpweya unali utayamba kulowa wokha, ndipo kasanu komaliza anapukusa mwamwano ndithu.

Anakhala tsonga, maso ake ndi a mwana wake ali pa mzere umodzi. Anatenga nthawi kusonkhanitsa mawu.

"Pano... ndi kwathu."

Kenako anandiyang'ana ine. "Iwe... wabodza... tiyi."

Ndinapita kukhitchini mothamanga, ndipo zomwe ndinakachita kumeneko ndisanayatse moto si nkhani yanu.

Nditabwera ndi makapu ndinapeza namwino atagwada, mutu uli pansi pa bedi. Anagwedeza miyendo yachitsulo ija, anakoka tcheni, anakanikiza thabwa ndi thupi lake lonse. Anafunsa bambo ake chomwe chingachitike tcheni itaduka. Anamuuza kuti bedi lingangokhala pomwe lili, silingagwe. Anauza mayi ake kuti atsike pang'ono n'kukweranso, iwo n'kuchita. Atadzuka m'mabondo anayang'ana sikuluwu ija kachiwiri, n'kutuluka kupita kuseri kwa nyumba. Anakakhalitsa. Pobwera maso anali ofiira, poti anali ataona vayisi yopanda sikuluwu pansi pa tebulo, ndipo anakaima pafupi ndi bambo ake.

Anaika malamulo ake. Azibwera pakatha milungu iwiri iliyonse. Pa pedulo pamangidwe belu la njinga. Bedi lisamatsitsidwe kufika pansi penipeni, ndipo alamu anaikapo kachitsulo koletsa tsiku lomwelo. Lamulo lomaliza linali langa: ndikasiyidwa ndi wodwala, nkhani zanga ndizikambira m'chipinda momwemo, osati pakhonde. Mlongo wanga anati chilango chimenecho n'cha iye, osati cha ine. Galimoto inabwerera ndi bulangete lokha.

Mlongo wanga anakhala m'nyumba mwake chaka china ndi miyezi isanu ndi iwiri. Dzanja lamanzere lija linalimba moti akakugwira pamkono unkasiya ngongole ya khungu. Ankadzikweza kuti aone anthu odutsa pazenera, ankadzitsitsa ndikafika pa chigawo chachiwiri cha nkhani ya sitima. Alamu ankagona pa kabedi kena pambali pake, ndipo ankati akamva tiki, tiki m'mamawa, ankadziwa kuti kwacha bwino.

Anamwalira masana ena, alamu ali pompo akumusendera lalanje. Anali chotsamira, chapakatikati, pomwe ankakonda kukhala akafuna kuona mtengo wa panja.

Patapita miyezi iwiri ndinawauza kuti, "Alamu, tiyeni timasule sikuluwu ija ibwerere kwawo. Mkazi wamkulu wakhala pansi pa tebulo nthawi yaitali."

Tinalowa m'chipindamo ndi masipanala. Matiresi anali atachotsedwa, koma thabwa linali chikwerere, kansalu ka diresi kali pa pedulo, katada ndi dzanja. Kuti sikuluwu ituluke pankafunika kuyamba tatsitsa bedi mpaka pansi. Alamu anagwira pedulo. Anaima choncho nthawi yaitali, yaitali ngakhale pa muyeso wawo. Kenako anachotsa dzanja.

"Ndi pomwe anasiya," anatero.

Tinabweza masipanala.

Masiku ano sagwiranso ntchito zambiri, koma anthu sanasiye kubweretsa tinthu. Wina jeke yolimba, wina chopanira matabwa chodyeka mazinga. Vayisi ikadali pansi pa tebulo ndi chiguduli chake. Akafuna kucheka kapena kupala chitsulo amatuma mawu kwathu, ine n'kupita, n'kugwira ndi manja awiri pakona pa tebulo paja, pomwe pali mabowo anayi a mabawuti. Amati ndine vayisi yoipa kuposa zonse zomwe anagwiritsapo ntchito, chifukwa ndimagwedera komanso ndimalankhula. Dzulo ndinawagwirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kachitsulo kamodzi.